Nyenyeswa za Buledi wa ku Nsaru

Chaka chimene ndinkayenera kulandira Ukaristia koyamba ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Diresi loyera linali litasokedwa kale kwa telala wa pa Namitete, ndipo amayi akapita kudimba ndinkalitulutsa m'sutikesi kuti ndingolinunkhiza. Katekisimu ndinali nditamumeza yense. Chinatsala n'kudikira tsikulo basi.

Pa holide amayi ananditumiza ku Nsaru kukathandiza mng'ono wawo, amayi aang'ono, amene anali ndi khanda. Amuna awo, abambo aang'ono, analowa mpingo wa Amomoni akugwira ntchito ya ulonda m'tauni, ndipo atabwerera kumudzi akuluakulu a mpingowo anawalola kupemphera panyumba chifukwa tchalitchi chinali kutali. Kwathu tinkangowadziwa kuti ndi anthu osamwa tiyi.

Lamulungu kunabwera banja lina panjinga, tonse n'kukhala pabalaza. Panalibe mtanda, kandulo kapena belu. Patebulo anayala nsalu yoyera, pansi pake pali timakapu ta madzi ndi mbale ya buledi, yemwe uja ndinakagula ndekha kugolosale dzulo lake. Ife tikuimba, abambo aang'ono ananyemanyema bulediyo, kenako anagwada n'kuwerenga pemphero. Ataphonya mawu amodzi anayambiranso poyamba. Mbale inayenda, ana onse anatenga, ndipo itafika pa ine ndinatenganso. Mwana wachilendo ukanakana bwanji?

Mapemphero atatha, amayi aang'ono anatuluka ndi mbale ija, khanda lili kumbuyo, n'kukutumulira nkhuku zotsalazo.

Ine ndinaphunzitsidwa kuti ngakhale kanyenyeswa kamene kadalitsidwa ndi Thupi la Ambuye, n'chifukwa chake wansembe amapukuta mbale mosamala chonchija. Apa tambala wa chipere m'khosi ankajompha buledi wopemphereredwa pambali pa zitosi zake zomwe. Ndinanyansidwa, ndinene zoona, ndipo anthu onse a m'nyumbamo ndinawaona ngati auve. Ndinathamangitsa nkhukuzo ndi tsache, n'kutola nyenyeswa pamodzi ndi dothi lomwe, kuzimanga pa ngodya ya kachitenje kanga.

Abambo aang'ono anandipeza ndikadali chogwada. Sanandiseke.

“Mwanawe, bulediyo ntchito yake yatha,” anatero. “Ife timadya pokumbukira thupi la Ambuye, ndi kulonjezanso kuti tisunga malamulo awo. Lonjezolo lili mwa ife, nkhuku singalidye.”

Nsima ya tsiku limenelo ndinaikana.

Patapita masiku ndinabwerera kwathu ndi kamfundo kanga, ndili ndi maganizo oti abambo mfumu a ku parishi adziwa pokasunga nyenyeswazo. Ndinkadziona ngati ndachita chinthu chachikulu. Ndinapeza amayi m'chigafa akusoka fodya ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo anga. Amayi anali pa chitengwa, choncho pamudzipo mawu anali a azakhali, amenenso anali wapampando wa mphakati wathu wa Akatolika. Ndinamasula mfundo ija pamaso pa onse awiri n'kufotokoza zonse monyadira.

Azakhali anaika singano pansi. “Iweyo unadya nawo, eti?”

Ndinavomera.

Anatenthetsa madzi, kuthiramo mchere wodzaza dzanja, n'kundikhazika pakati pa bwalo. Amayi a nyumba zoyandikana anabwera kudzaonerera, ena atanyamula makasu. Ndinamwa kapu yoyamba, yachiwiri inandikanika. Pamenepo azakhali anandipana pakati pa miyendo yawo, kundikanula kukamwa, n'kulowetsa zala mpaka kukhosi. Zala zawo zoti zakhala zikusoka fodya kuyambira m'mawa, zakuda bii ndi utomoni, zomata, zowawa ngati ndulu. Ndinasanza mbatata ya m'mawa umenewo pamapazi pangapo. Buledi ndinali nditadya kalekale, aliyense pabwalopo ankadziwa kuti sangatuluke, koma azakhali ankangoti, “Zituluke za satanazo,” n'kulowetsanso.

Amayi anangoti, “Alamu, ndi mwanatu uyu,” motsitsa mawu, ngati akupempha moto. Palibe anawamva.

Nyenyeswa zimene ndinalanditsa kwa nkhuku, azakhali anazinyamula ndi kamtengo n'kukaziponya m'chimbudzi.

Madzulo ake anapita okha kwa akatekisiti. Sindikudziwa zimene anakanena, koma bambo aja ankawaopa azakhali kuposa mmene ankaopera abambo mfumu, ndipo yankho linabwera loti ndidikire chaka chamawa. Tsiku la Ukaristia ndinakhala kumbuyo ndi ana osayamba sukulu, kuonerera anzanga akuyenda pamzere manja atagwirizira. Kusukulu anandipatsa dzina loti Namomoni. Amayi aang'ono atamva anayenda ulendo wonsewo ndi khanda kudzapepesa, azakhali n'kuwabwezera kumsewu osawapatsa ndi madzi omwe.

Chaka chotsatira ndinalandira, m'diresi lobwereka chifukwa langa linali litachepa. Nditagwada kutsogolo n'kutulutsa lilime, ndinaona zala za wansembe zikuyandikira pakamwa panga, ndipo khosi linadzuka lokha. Mchere uja ndi fodya uja zinabwerera zonse. Ndinalimbana nazo Ambuye ali palilime, thukuta lili kamukamu, kuopa kusanza pa guwa. Ndinameza misozi ikutsika. Kumbuyo azakhali anayamba nthungululu, akuuza anzawo kuti onani mwana akulira ndi chimwemwe.

Ndikadali Mkatolika, ndipo pa nkhani ya buledi ija sindinagwirizane nawo abambo aang'ono mpaka anamwalira. Komabe iwo ankachita zimene ankakhulupirira, modekha, osapweteka munthu. Chimene ndachimvetsa ndi ukuluwu n'chakuti munthu akanyansidwa m'dzina la Mulungu sadziona uve wake, ndipo amene amalipira ndi wamng'ono amene ali pafupi. Ine ndinayambira pa nkhuku, azakhali anathera pa ine. Ndinawakhululukira pakamwa, pa maliro awo ndinaimba nawo, koma thupi langa linakana kumva. Mpaka lero, ndi imvi zikuyambazi, Ukaristia ndimalandirira pamanja.