Kukasankha Fulayiwilo ku Chipinge ndi Sikelo ya Tiyi

Lachitatu pa 16 Febuluwale 1994, hafu pasiti folo m'mawa, ndinakwera basi pa Ruda nditanyamula sikelo yoyezera tiyi, thumba ndi nthochi zisanu.

Bwana wa esiteti yathu anali ndi galimoto yofiira yothamangitsa. Injini yake ilibe mapisitoni. Mkati mumazungulira chitsulo cha makona atatu. Anandilonjeza kuti Loweruka idzanyamula mwana wanga Esinati kupita kutchalitchi pa ukwati wake. Koma galimotoyo inali yomasula, kudikira fulayiwilo, chimbale chachitsulo chokhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Bwana ankafuna yopepuka kuti injini izidzuka msanga. Ziwiri zinapezeka ku Chipinge, ndipo anatuma ine chifukwa ndayeza masamba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndikalakwitsa, Esinati akanapita pa thirakitala.

Mpaka ku Mutare ndinalipira madola khumi ndi awiri. Kondakitala ataona sikelo anati, "Achimwene, mwabwera kudzayeza basi yanga?"

"Sikelo yanga imathera pa makilo makumi atatu," ndinayankha. Sanasekenso.

Pa siteshoni ya Sakubva ku Mutareko ndinadya mabanzi awiri ndi mahewu, n'kukwera basi ina ya madola makumi awiri. Tinafika ku Chipinge cha m'ma wani koloko, mitambo itadetsa.

Mwini zitsulo, a Zuze a ku lokeshoni ya Gaza, makolo awo anachokera ku Tete. Atamva chinenero changa anandipatsa mpando. Atamva chomwe ndinkafuna anakhumudwa.

"Abale anga, mtunda wonsewu mudzatenge yopepuka? Anthu adzati Zuze anabera mnzake. Ndili nayo ya lole."

Ndinakana mwaulemu katatu.

Yoyamba ndinaiyeza m'shedi: makilo asanu. Yachiwiri inali panja pansi pa mpapaya, ndipo mvula inali itayamba. Ndinakoleka sikelo panthambi: makilo asanu ndi theka. Kwathu masamba akabwera onyowa timachotsa kilo imodzi ya madzi. Dzanja linalemba lokha: anayi ndi theka. Ndinasankha yachiwiriyo. A Zuze anayang'ana pepala, nayang'ana ine, nati, "Anthu asukulu inu." Ndinagona kwawo.

Lachinayi, basi itaima pa Nyanyadzi, mayi wina wogulitsa malambe anaponda thumba langa n'kufunsa chomwe chinalimo. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za kilo ya madzi ija, monyadirako.

"Sekuru," anatero, potchula chitsulo m'chinenero chawo, "simbi imamwa madzi?"

Basi inanyamuka ndisanayankhe. Kuyambira pamenepo mpaka kwathu ku Hauna ndinapakata chitsulocho ngati mwana wodwala. Chinali chouma gwa, koma sichinapepuke.

Ndinafika kugalaja faifi koloko madzulo. Ndinaulula kwa makaniki wathu, a Mbewe, bwana ali pomwepo. Bwana anagwira chipewa chake ndi manja awiri.

"Mwachotsera chitsulo mvula?"

"Inde bwana. Inali mvula yambiri."

A Mbewe anaseka mpaka anakhala pa tayala. Atapuma anati, "Bwana, galimoto ya mkwatibwi imayenda pambuyo pa amayi ovina, pa chitunda chakutchalitchi. Injini iyi ikamayenda pang'onopang'ono ilibe mphamvu. Yopepukitsa ija ikanatizimira pa sitepe iliyonse ya amayi. Iyi mwina izima kawiri."

Bwana anati imangidwe, ndipo pa Lolemba a Mbewe apite okha ku Chipinge kukatenga yopepuka ija, kukakhala dzuwa.

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti dzanja lozolowera ntchito silifunsa mutu. Ndinayenda masiku awiri kukalakwitsa ndi theka la kilo, ndipo mwana wanga anapeza galimoto.

M'mawa mwake ndinapita kukaona a Mbewe akumanga. Apo m'pamene ndinasuzumira mkati koyamba n'kuwerenga mipando. Inali iwiri: wa woyendetsa ndi wa mkwatibwi. Ndinavala jekete n'kutsikira ku Mandeya kukauza mkamwini kuti iye adzayenda pansi.