Wokonza Nsapato Amene Ankaopa Kulankhula ndi Mwana Wake

Wokonza nsapato amene amakhala kunsi kwa masitepe, pafupi ndi pokwerera basi, ndi mwana wanga. Bambo ake anali dalaivala wa lole, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mayi ake ndine, ndipo zimenezi ndimazinena mokweza kulikonse. Ndinabereka ana anayi, iye ndi wachiwiri. Iye ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene tonse timamutchula Kabatani chifukwa anabadwa wochepa ngati batani la malaya.

Mwana wangayu ali ndi chibwibwi. Chinamuyamba ali ndi zaka zinayi ndipo sichinamusiye mpaka lero. Kusukulu anzake ankamutcha Injini, ati amalankhula ngati galimoto yokana kulira m'mawa. Ndinapitako kawiri kukakalipa. Ulendo wachiwiriwo ndinapotokola khutu la mwana wa eni, aphunzitsi akuona. Sizinathandize. Atamaliza pulayimale anakana kupitiriza, poopa kuimitsidwa kuti awerenge mokweza, n'kukaphunzira kusoka nsapato, poti nsapato sifunsa mafunso. Koma manja ake, abale inu! Nsapato imene ena anaitaya, iye amaibweza ikuwala, mwiniwake mpaka kuikana.

Anakwatira mtsikana wabwino, wogwira ntchito ya m'nyumba mumzinda wina, kwa mabwana amene salola wantchito kukhala ndi mwana. Kabatani atasiya kuyamwa, mpongozi wangayo anabwerera kuntchito, n'kumabwera kamodzi pamwezi. Ine ndimakhala kutsidya kwa tauni, ndikusamalira mng'ono wanga amene anafa ziwalo, ndiye ndinkangopita Lamlungu. Masiku ena onsewo mwana ankakhala ndi bambo ake, kunyumba ndi kuntchito komwe.

Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa vuto linayamba kale. Tsiku limene khandalo linatuluka m'chipatala, ndinalowa kuchipinda n'kupeza mwana wanga atalinyamula, nkhope ili pafupi ndi nkhope, akulinong'oneza.

"Ka-ka-kamwana ka-kanga. Ndi-ndine a-ababa ako."

Ndinakumbukira zija za kusukulu.

"Iwe," ndinatero, "khutu la khanda ndi chinkhupule, limamwa chilichonse. Usamamulankhulire pafupi, ungamupatsire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Cha-chabwino, Amayi."

Ndinanena mawuwo ngati mmene munthu amanenera kuti tseka chitseko kukulowa mphepo. Pofika mawa lake ndinali nditaiwala. Iye sanaiwale.

Anamulera mwanayo mwaukhondo woti amayi ambiri angachite manyazi. Ali wamng'ono ankamugoneka m'katoni yoyalamo bulangete, pansi pa benchi yogwirirapo ntchito. Atakula anamukhomera kampando kake. Tsitsi ankamupesa yekha, zikhadabo zowenga bwino, phala pa nthawi yake. Koma zonsezi ankachita kukamwa kuli kotseka. Akagogoda hamala kawiri pabenchi, ndiye kuti bwera udye. Akagogoda kamodzi, siya chimenecho. Mwanayo anazidziwa zonse. Bambo akangotambasula dzanja, iye ankadziwa ngati akufuna ulusi kapena kachitini ka misomali. Makasitomala ankati, "Koma ndiye mwana wofatsa!" Ine n'kumadzitama kuti ndi magazi athu, sitibereka osokosa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndinachimva posachedwa kwa mayi wogulitsa zipatso pafupi ndi benchi ya mwana wanga. Akuti nthawi imene Kabatani anayamba kuseweretsa pakamwa, kumati ba-ba-ba, da-da-da, monga amachitira makanda onse, mwana wanga ankachita mantha. Ankaganiza kuti chibwibwi chija chayamba. M'malo momuyankha, ankatembenukira kukhoma, mwina kumuika kachidutswa ka buledi m'kamwa kuti asiye. Mwana ankamuitana, iye n'kumabisa nkhope chifukwa chomukonda.

Kabatani anakwanitsa zaka zitatu ali ndi mawu atatu okha: madzi, ayi, amama. Zina zonse ankaloza ndi chala.

Tsiku lina Loweruka ndinadutsira pa masitepe paja n'kupeza asewere anga, mayi ake a mpongozi wanga, ataima manja ali m'chiuno.

"Mwafika bwino asewere," anatero. "Tandiuzani, mwanayu mukumulera kapena mukumusunga m'katoni ngati nsapato? Kwathu mwana wa zaka zitatu amakhala atayamba kale kutukwana nkhuku."

"Kwathu sitibereka mawailesi," ndinayankha. "Alankhula nthawi yake ikakwana."

"Nthawi yake iti? Akamadzakwatiwa? Mverani kuno. Sukulu ya mkaka itsegulira pakatha miyezi inayi. Akafika tsikulo adakali chonchi, ndidzamutenga akakhale kwathu, kumene anthu amalankhula. Mayi ake ndagwirizana nawo kale."

Mwana wanga anali ndi singano m'manja. Anatsegula pakamwa, chibwano chikugwedera, mitsempha ya m'khosi itatuluka, koma liwu silinabwere. Asewere anadikira pang'ono, n'kupukusa mutu, n'kumapita. Madzulo ake mpongozi wanga anandiimbira foni akulira, ati sakudziwanso chochita. Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi: munthu uyu alibe anzake, sapita kumowa, sapita kumpira. Mukamuchotsera Kabatani, mwamuchotsera zonse.

Lolemba tinapita kuchipatala atatu tonse: ine, mwana wanga ndi Kabatani. Nesi wake anali mayi wachikulire, wa magalasi. Anamuunika mwana m'makutu, anawomba m'manja kumbuyo kwake, mwana n'kutembenuka msanga. Anamuuza kuti atole cholembera apatse agogo, mwana n'kuchita zomwezo.

"Akumva bwinobwino, ndipo ndi wanzeru," anatero nesiyo. "Nanga tsiku lonse amacheza ndi ndani? Bambo, mukamamusambitsa mumamuuza chiyani?"

Zinamutengera nthawi.

"Si-si-sindilankhula naye."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi-ndingamupatsire."

Nesi anavula magalasi. "Anakuuzani zimenezo ndani?"

Mwana wanga anayang'ana pansi. Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Ine ndinakhala chikwama chili pamiyendo, ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma.

"Bambo, chibwibwi si chimfine," anatero nesiyo. "Mwana sachitenga pochimva. Koma mawu amawatenga kwa munthu amene amalankhula naye. Inu ndi amene muli naye. Chilichonse chimene mukugwira, chitchuleni. Akatulutsa liwu, muyankheni. Kaya liwu limodzi likutengerani mphindi yonse, iye sakuthamangira basi."

Kuyambira mawa lake, munthu amene anakhala zaka makumi atatu akubisa mawu ake anayamba kulankhula pa msewu, anthu akudutsa. Ankanyamula chida n'kuchiika pafupi ndi pakamwa pake.

"Ha-ha-hamala. U-ulusi. Gu-gu-guluu, u-usanyambite."

Makondakitala a pa siteji ankafa nacho chiseko. "Akuluakulu, Injini yalira! Ikankheni ipite!" Iye thukuta lili kamukamu, osawayang'ana n'komwe. Kabatani ankamuyang'anitsitsa pakamwa ngati akuona chinthu chachilendo, nthawi zina n'kumugwira milomo ndi tizala take. Sabata yachitatu anati "hamala". Kenako "nsapato yanga". Itatha miyezi iwiri, bambo wina wa tayi anavula nsapato kuti imatidwe, mwana n'kutseka mphuno.

"Amalume, mapazi anu akununkha!"

Bamboyo anakwiya, koma ine nditamva ndinavina m'khitchini ngati mtsikana. Ndinaimbira asewere foni n'kuwauza kuti akonzekere kutukwanidwa.

Ndinafulumira kusangalala. Mwezi wathawu mawu anayamba kumubwerera mwanayo ambirimbiri, othamangitsana. Tsiku lina m'mawa anathamangira kwa bambo ake akufuna kuwauza za galu amene anamuona.

"Ababa, ndi-ndi-ndi-ndaona ga-galu!"

Mayi wa zipatso uja akuti hamala inagwa pansi. Mwana wanga anakhala pa benchi manja ali kumutu. Kuyambira ola limenelo sanalankhulenso naye.

Ndinamukokera kwa nesi uja pamodzi ndi Kabatani. Nesi anafotokoza mofatsa kuti ana ambiri a msinkhu umenewu amapunthwa choncho, maganizo akamathamanga kuposa lilime, ndipo ambiri zimawathera zokha. Sananame: anati nthawi zina chibwibwi chimayenda m'banja, ndiye azimubweretsa mwanayo kuti azimuona. Koma anabwereza kuti kukhala chete sikungamuteteze, kungomulanda mawu amene wapeza. Mwana wanga anagwedeza mutu mwaulemu. Titatuluka anamunyamula Kabatani paphewa, n'kuyenda ulendo wonse osanena kanthu.

Ndikumudziwa, ndinamubereka ndine. Nesi walankhula kawiri, koma amayi ake analankhula poyamba, ndipo m'maso mwake zimene amayi ake ananena zachitika. Palibe dokotala angazule mawu amenewo. Wowazula ndi yemwe anawadzala.

Kwatsala masabata awiri. Asewere agula kale kachikwama ndi matiresi aang'ono. Mwana wayamba kubwerera ku zoloza ndi chala. Nthawi zina amakwera pamiyendo ya bambo ake, n'kuwakoka mlomo wam'munsi.

"Ababa, lankhulani. Ababa, mawu apita kuti?"

Iwo amangomupsompsona pachipumi, misozi ikugwera pa chikopa chimene akudula.

Dzulo ndinavala bwino n'kukwera basi, nditanyamula nsapato zanga za kutchalitchi zimene zilibe vuto lililonse, kuti ndipeze poyambira. Njira yonse ndinkayeseza: mwana wanga, ndinalakwa ndine. Ndinkachita mantha, sindinkadziwa kanthu. Mawu ako alibe matenda. Lankhula naye. Ine amene ndinakalipirapo ahedi, apolisi ndi eni nyumba, ndinafika n'kungokhala pa kampando ka makasitomala, nsapato zili m'manja.

"Mwana wanga," ndinayamba.

Anakweza maso n'kudikira. Amadziwa kudikira munthu amene mawu amukanirira.

"Chidendene ichi chikugwedera," ndinatero.

Anatenga nsapatoyo, n'kuitembenuza, n'kukanikiza chidendenecho ndi chala. Anaona kuti n'cholimba. Anaiika pa shelefu pamodzi ndi zina, n'kundionetsa zala ziwiri, kutanthauza kuti ndikaitenge mkuja.

Ndinabwerera kunyumba mawu aja ndili nawo m'kamwa. Si anga, ndi ake, ndipo ndawasunga zaka zitatu ndi theka. Mawa ndipitanso.