Kabuku ka Mayi Sadwala

Kuchipinda chochapira cha hotela ina, kuseri kwa khitchini, kunkagwira ntchito mayi wina amene anzawo anawatcha Mayi Sadwala. Dzinali analipeza chifukwa zaka khumi ndi zinayi sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Anali aafupi, mikono yodzaza zipsera za simbi, ndipo nsapato zawo ankazing'amba pang'ono m'mbali kuti mapazi otupa akwanemo.

Wina akadandaula kuti maganizo amuchulukira, iwo ankaseka.

"Maganizo ndi matenda a anthu osowa chochita," ankatero. "Gwira simbi uone ngati sathawa."

Chonsecho kwawo kunali zothetsa nzeru. Bambo a kunyumba anachoka kalekale, mwana wawo wamkazi anabwerako kubanja ndi khanda kumsana, ndipo onsewa ankadya thukuta la mayiyo. Iwo zonsezi ankangomeza.

Nsalu za pabedi amapinda anthu awiri. Uyu agwira ngodya ziwiri, uyo ziwiri, akutumula, akoka, kenako ayandikirana mpaka zala zikumane. Mnzawo wopinda naye anali Make Mapasa, wocheperapo msinkhu, wa pakamwa posauma. Awiriwa ankadziwana mpaka kapumidwe.

Tsiku lina kapitawo analengeza kuti kukubwera makina osita ndi kupinda, ndipo pamakinapo pakufunika munthu mmodzi yekha. Mayi Sadwala anangoti, "Zioneka zokha," n'kupitiriza kusita. Koma kuyambira sabata imeneyo mutu unayamba kuwagunda kunkhongo, makutu kulira, chakudya osalowa. M'mawa wina anangoona mdima, n'kugwera pamulu wa mathaulo. Make Mapasa anatseka chitseko msanga, anawapatsa madzi, n'kuwakupiza ndi katoni.

"Asisi, inuyo si chitsulo. Mukapanda kupita kuchipatala ndikunyamulani ndine pamutu ngati mtolo wa zochapa."

Anapitadi tsiku lawo lopuma. Namwino anawayeza kawiri, napukusa mutu.

"Mayi, bipi yanu yakwera zoopsa. Mukusunga chiyani mumtimamo? Mapiritsi ndikupatsani, koma okha sangathe. Pezani munthu muzimuuza zakukhosi."

Munthuyo sanachite kumufuna kutali. Mawa lake, nsalu ili m'manja, anamuuza Make Mapasa zonse: za bambo aja, za mantha a makina, zoti nthawi zina amaiwala ngati azimitsa simbi. Mnzawoyo anamvetsera misozi ili lengelenge. Masiku otsatira mutu unapepuka, njala inabwerera, mpaka anayamba kuimba posita.

"Kani maganizo amaphadi," anavomera tsiku lina. "Ndinkangonyoza ana a eni."

"Mwakula lero, asisi!" anaseka Make Mapasa.

Kabuku kawo ka kuchipatala Mayi Sadwala anamupatsa mnzawoyo kuti awasungire. Mwana wawo ankapisa m'chikwama pofuna makiyi, ndipo iwo sankafuna kuti adziwe, poti naye mavuto anali atamukwana.

Patapita masabata awiri, kapitawo anawaitanira ku ofesi. Asanakhale n'komwe, anakaona kabuku kaja patebulo, kopindika pangodya pomwe iwo anakapinda.

"Kodi si inu osadwala aja?" anafunsa kapitawo akutembenuza masamba. "Ndamvanso zoti munagwa, ndiponso mumaiwala simbi yoyaka. Mayi, sindingaike munthu wa chizungulire pamakina otentha. Mwezi uno ndi womaliza."

Mayi Sadwala sanafunse kuti wakabweretsa ndani. Za simbi anauza munthu mmodzi yekha pansi pano. Anatola kabuku kawo, anathokoza monga mwa ulemu, n'kutuluka.

Make Mapasa anamupeza akulimbana ndi nsalu yekha, ngodya ina ataipana ndi chibwano.

"Asisi, musandiyang'ane choncho. Ndimaopa kuti mungafere pamakina."

"Ukanandiuza ineyo."

"Mukanamva inu?"

"Ndiye n'chifukwa chake unakauza kapitawo? Ndi dokotala amene uja?"

Make Mapasa anayang'ana pansi. "Inenso ndili ndi ana, asisi."

"Ndikuwadziwa. Ndinawasinthapo matewera patebulo lomweli."

Masiku amene anatsala anawagwira onse, kupinda nsalu ndi munthu yemweyo, maso ali kukhoma.

Lero Mayi Sadwala amasita zovala za anthu oyandikana nawo pakhonde la nyumba yawo. Mapiritsi amamwa m'mawa uliwonse, koma bipi imangotsika n'kukweranso. Wodandaula za maganizo samusekanso. Amamumvetsera, mwina kumupatsa madzi akumwa. Koma zawo sauzanso munthu, ndipo mwana wawo akafunsa chimene chinachitika kuntchito amangoti makina.

Make Mapasa anabwerako kamodzi, atanyamula sopo ndi thumba la shuga. Mayi Sadwala anamupatsa mpando, anamufunsa za ana, za mvula, akumutchula kuti "mayi" ndi "inu" ngati mlendo wochokera kutali. Iye anayesa nthabwala ziwiri, zonse zinagwera pansi. Atatsanzika anamuperekeza mpaka pageti.

Pobwerera Mayi Sadwala anagwira khoma, mtsempha wa pachipumi ukugunda moonekera. Anagona pasimenti pozizira, n'kuitana mwana wawo.

"Tenga katunduyo umuthamangire, sanafike patali. Ndipo akadzabweranso, ine kulibe."