Mvula ya ku Esiteti

A Elson anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi, ndipo anayamba kuthyola tiyi ndevu zisanamere. Msana utayamba kuvuta, akapitawo anawasamutsira ku munda wa tiyi wongobzalidwa kumene. Kumeneko kunazikidwa tizitsulo toyeza chinyontho cha m'nthaka. Ntchito yawo inali kuzungulira m'mawa uliwonse, kuwerenga manambala pa kachipangizo ka m'manja, kenako kutsekula kapena kutseka mipopi.

Anatikhulupirira tizitsuloto. Zaka zonsezo, palibe mtengo wa tiyi umene unawaumira.

Munda wawowawo analibe. Ankalima kuchikamwini ku Chimaliro, m'munda wa akazi awo a Salome, ndipo ankapitako Loweruka lokha. Chaka chimenecho mbewu ya chimanga anali nayo paketi imodzi basi.

Novembala anafika ndi dzuwa loswa mtengo. Mitambo inkasonkhana masana n'kubalalika madzulo. A Elson sankakhazikika: akakhala pansi, adzuka, akadzuka, maso kumwamba. Lachiwiri lina mvula inakhuthuka pa esiteti. M'mawa mwake manambala anakwera, iwo n'kuimbira foni a Salome.

"Amake Rhoda, bzalani lero."

"Kuno yangowaza, bambo. Yangopha fumbi."

"Makina akuti nthaka yakhuta."

"Makina anuwo anabwera liti kuno kudzalima?"

"Inu, bzalani! Tichedwa ngati chaka chatha."

A Salome anabzala paketi yonse.

Loweruka a Elson anatsika njinga osalonjera munthu, n'kulunjika kumunda. Anapisa chala mumzere. Pamwamba panali pofewa pang'ono, pansi pake fumbi lotentha. Anafukula phando limodzi: njere zinali zitatupa, kamuzu koyera katatuluka, kakufunafuna madzi. Apo m'pamene anakumbukira kuti tizitsulo tija tili ku esiteti, pansi pa udzu wophimbira nthaka, kuseri kwa mapiri awiri.

"Makina akuti bwanji?" anafunsa a Salome ali kumbuyo kwawo.

A Elson anatenga ndowa ziwiri n'kutsetserekera kumtsinje. Msana unkabaya, koma ankathira kapu imodzi pa phando, kapu imodzi pa phando, n'kubwereranso. A Salome anawayang'ana kanthawi, kenako anamanga chitenje n'kusenza ndowa yawo.

Pofika Lamulungu madzulo anali atathirira theka la munda. Theka linalo analisiyira mitambo. Lolemba ankapalasa njinga kubwerera ku esiteti, khosi likungotembenukira ku Chimaliro.