A Thovu ndi Sopo wa M'phiri

A Thovu anayamba kuchapa zovala za anthu ndevu zisanamere. Kashopu kawo kali kuseri kwa malo okwerera basi: mabeseni, nsimbi, chingwe choyanikira, ndi wayilesi yomwe imalankhula ukaimenya. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa mkuluyu sakhulupirira kuti chovala chayera thovu lisanafike m'zigongono. Ndi manja amenewo anaphunzitsa ana onse, ndipo palibe munthu, ngakhale wakaduka, amene anganene kuti anawaonapo atavala malaya akuda.

Mdzukulu wawo wamkazi amatsogolera alendo m'mapiri, mtsikana wa miyendo ngati ya gwape. Iyeyu ndiye anakakamiza banja lonse kuti likagone m'matenti, mawa lake likajambulitse pamwamba pa phiri, chithunzicho chidzapachikidwe pabalaza. A Thovu anavomera chifukwa cha chithunzicho basi. Anavala malaya awo oyera, osita bwino moti mzere wake ukanatha kudula chala.

M'munsi mwa phiri mdzukulu anasecha zikwama. M'sokosi ya agogo ake anapezamo chidutswa cha sopo wochapira.

"Agogo, ichi n'chiyani?"

"Sokosi."

"Sokosi yolemera chonchi? Uyu atsala m'galimoto." Anatulutsa kabotolo ka sopo wamadzi. "Kumtunda tigwiritsa ntchito uyu. Amawola m'dothi ngati masamba. Komabe osachapira mumtsinje, mungaphe ambululu. Mutunge madzi, mupite patali, madzi akudawo muthire m'kadzenje n'kukwirira. Timadontho tochepa tikwana. Botolo ndi limodzi, la tonsefe."

"Ndiye kuti ambululu aposa agogo ako?"

"Iwo sabisa zinthu m'sokosi."

Dzuwa lisanapendeke, a Thovu anaponda mwala wa ndere n'kugwa chafufumimba m'matope. Akazi awo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Bambo, mwayamba kale kugona? Tenti sitinakhome."

Mkamwini wawo, poti ndi munthu waulemu, anaseka ndi mapewa okha.

Atafika pogona, a Thovu sanadikire tiyi. Anatenga poto wamkulu, anatunga madzi, anapita patali ndi mtsinje monga anauzidwa. Anadontheza timadontho tija n'kuyamba kufikisa malaya awo amatopewo. Thovu ayi. Ananunkhiza botolo, anawonjezera. Kathovu kanatuluka ngati malovu a khanda n'kuzimiririka pomwepo.

"Sopo wamanyazi uyu," anadandaula.

Kunena zoona matope anali atachoka kale, koma a Thovu sayang'ana nsalu, amayang'ana thovu. Anafinya botolo mpaka linalira ngati mwanapiye. Analithira madzi, analikhutchumula, anakhuthula zonse. Thovu linafika m'zala, linayesetsa mpaka pamkono povala wotchi, n'kutopa. Anati bola pamenepo. Kenako anakumba ndi supuni, osati kadzenje ayi, dzenje loti mungabzalemo mtengo, ndipo madziwo anawakwirira mwaulemu, n'kupondaponda pamwamba. Lamulo la mdzukulu analisunga lonse, kupatula mbali imodzi ija.

Anthu atadya, anayamba kufunafuna sopo. Mbale zinali mafuta okhaokha, nkhope thukuta ndi fumbi, thalauza ya mkamwini ngati walima nayo dimba. Mdzukulu anapeza botolo pamwala, lopepuka ngati nthenga, lotsukidwa bwino m'kati mwake.

"Agogo, la tonsefe lija ndi limeneli?"

"Tonse tili m'chithunzi chimodzi. Mmodzi akayera, banja layera."

"Nanga mbalezi?"

"Mchenga ulipo. Kodi ambululu ako wafapo ngakhale mmodzi? Pita ukawawerenge."

Mbale anazikwecha ndi mchenga, nkhope anangozipukuta ndi madzi. M'mawa a Thovu anayala kathawulo pamalaya aja n'kuwasita ndi ketulo yotentha, ena akudikirabe tiyi wa m'ketulo momwemo.

Chithunzicho chili pabalaza, pamwamba pa kabati ya mbale. Ana, adzukulu, mkamwini, onse mbuu ngati atuluka m'thumba la simenti, pakati pawo a Thovu akuwala ngati dzino lotsala lokha m'kamwa. Alendo ena opanda mwambo amafunsa ngati a malaya oyerawo anakweradi phirilo kapena anachita kuwanyamula.

Akazi awo amaika kapu pansi kaye.

"Anakwera, anagwanso chafufumimba. Inuyo amuna anu atagwa m'matope angatuluke chonchi?"