Garth Wiebe ndi Mayeso a Pakamwa

Mlongo wanga Garth Wiebe ndi munthu woti mutha kukhala naye tsiku lonse, akukupimirani tirigu ndi kukuthirirani khofi, inu n'kubwerera kwanu osadziwa kuti mawu ake amamveka bwanji. Ali ndi chibwibwi, ndipo si chamasewera. Mawu akamukakamira pakhosi nkhope imafiira, mitsempha imatuluka, ndipo womumvera amayamba kuyang'ana nsapato zake. Wakula choncho, ndipo pano imvi zayamba.

Amagwira ntchito ku kopaletivi ya alimi a tirigu m'tauni yathu ku Saskatchewan, komwe analowa atangochoka ku koleji ya zaulimi. Moyo wake wonse anaukonza mozemba kulankhula. Foni sayankha, amalemba uthenga. Kutchalitchi amakhala pafupi ndi chitseko. Pamaliro amathamangira kunyamula bokosi kuti wina asamupemphe kunena mawu.

Bwana wa kopaletivi atalengeza kuti akupuma, komiti inati wolowa m'malo akhale ndi digiri yachiwiri ya za bizinesi. Garth ankaufuna mpandowo, ngakhale sananene. Anapeza sukulu ya pa intaneti yomwe aliyense amayenda pa liwiro lake. Kulibe belu, kulibe kalasi, kulibe mphunzitsi woloza chala kuti "Tayankha iwe wakumbuyoko." Kwa Garth kunali ngati kumwamba. Nthawi yokolola ankasiya mabuku, chipale chofewa chikatseka misewu ankameza maphunziro ngati munthu wochokera ku njala. Ine ndinkanyadira mpaka anzanga a kwaya anatopa nane.

Tsiku lina ndinamupititsira mphika wa maperogi, tizitumbuwa towiritsa toika mbatata m'kati, n'kumupeza atakhala kukhitchini, laputopu ili yotseka patsogolo pake.

"Bwana, digiri ija ifika liti? Kapena ikubwera wapansi?"

Sanaseke. Anatsegula laputopu n'kuitembenuzira kwa ine. Maphunziro onse anali atakhoza, kupatula chinthu chimodzi: kuima pa kamera pamaso pa aphunzitsi atatu, kufotokoza ndi pakamwa kafukufuku wake, n'kuyankha mafunso. Tsiku lake wophunzira amasankha yekha. Pansi pake panali uthenga wa mlangizi wake woti nthawi yomwe sukulu imalola ikutha mwezi womwewo, ndipo akapanda kuonekera, zonse zimene anakhoza zifafanizidwa.

"Zimenezi zakhala pano kuyambira liti?"

"Ch-ch-chaka chatha."

"Chaka chatha! Ndiye ukudikira kuti akulote?"

"Sindinga... sindingathe, Noreen. Ndik-k-kafa."

"Thalakitala inakugudubuza sunafe, ukafe ndi kompyuta?"

Ndinalankhula mwanthabwala chabe. Apo m'pamene ndinaona kuipa kwa sukulu yopanda belu. Munthu wamantha palibe womukankha. Anthu anadzala, anakolola, iye akungotsegula tsamba lomwelo n'kulitsekanso, yekhayekha m'nyumba muja, osauza munthu.

Ndinamukakamiza kulembera akusukuluwo za vuto lake. Anayankha mwaulemu kuti amupatsa nthawi yonse imene angafune, koma kulankhula kokha sangamuchotsere. Garth anasankha Lachinayi m'mawa, ine nditamuimirira kumsana ngati wapolisi.

Masiku otsatirawo anasiya kudya. Ankalowa m'nkhokwe yopanda tirigu n'kumayeserera mmenemo, ndipo akuti mawu ankatuluka bwinobwino, poti makoma achitsulo sayang'ana munthu. Ndikati ayeserere pamaso panga, ankakakamira pa chiganizo choyamba. Ndinayamba kuopa kuti mwina ndamukankhira kuphompho. Akakalephera pamaso pa anthu atatu aja, ndinkadziwa kuti sadzayesanso chilichonse moyo wake wonse.

Lachinayi linafika. Lamulo ndi loti wolemba mayeso akhale yekha, aonetse kamera ngodya zonse za chipinda, atseke chitseko, ndipo munthu wina akangolowa, mayeso athera pomwepo. Ndinakhala pansi m'khonde, khutu lili pachitseko, mayi wamkulu ngati ine.

Ndinamva mawu a mayi wina, mmodzi wa aphunzitsi aja. "Mwadzuka bwanji, bambo Wiebe? Tiuzeni dzina lanu lonse, kenako muyambe."

Mtima wanga unagwa. Mawu ena akavuta Garth amawasintha ndi ofanana nawo, koma dzina lako sungalisinthe. M'chipindamo munangoti zii. Ndinkamva kupuma kwake, ndi mpando ukulira. Ndinapezeka ndaimirira, dzanja lili pa chogwirira cha chitseko. Kusitolo, kuchipatala, kulikonse, dzina limenelo ndimamunenera ndine, ndipo linali litadzaza kale m'kamwa mwanga. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

"G-g-g..."

Kenako zii. Ndinkadikira kumva laputopu ikutsekedwa. Ndinkadikira kuti mmodzi wa aphunzitsi aja atsokomole n'kunena kuti ayesenso tsiku lina, pomwe tsiku lina kunalibe. Sindinachitepo mantha otere chimwalirireni amayi athu.

"Garth. Garth W-Wiebe."

"Zikomo. Pitirizani," anatero mayi uja, ngati palibe chachitika.

Anapitiriza. Sindinganame kuti chibwibwi chinathawa. Ankagwa, kudzuka, kugwanso. Ankafotokoza za alimi ang'onoang'ono amene akusiya kopaletivi n'kumakagulitsa tirigu kutali, nkhani imene yamuwawa zaka zambiri, ndipo ine mlongo wake ndinali ndisanamumvepo akuinena. Bambo wina wa mawu okalamba anamufunsa funso lalitali ngati msewu wopita kumzinda wa Regina. Garth anakakamira pakati pa yankho nthawi yaitali moti ndinagwiranso chitseko, koma anawoloka yekha.

Atamuuza kuti adikire kaye akambirane, m'nyumba monse munangomveka firiji. Kenako mawu aja anabwerera, koma anali otsika, sindinamve kanthu.

Chitseko chinatseguka. Malaya ake anali atanyowa ngati wagwa mumtsinje.

"Wakhoza? Iwe, tanena! Wakhoza?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinakuwa, ndinamumenya pachifuwa, ndinalira, zonse nthawi imodzi. Iye anangotsamira khoma n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, maso ali mwaa, ngati munthu amene galimoto yamuphonya pang'ono.

"Noreen, anthu aja anandi... anandi..."

"Anakuyamikira? Anakuvutitsa? Anakumvera chisoni?"

Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Ndinakhala chete, ndipo zinandivuta kuposa mmene ndinkaganizira.

"Anandid-d-dikira," anatero. "Onse atatu. Mpaka ndinamaliza ndekha."