Fyuzi Yachitatu pa Loji ya a Domingos

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya amayi. Ndinapita nayo kwa a Mestre Chikoti, amisiri okonza mawailesi ndi mafiriji pafupi ndi msika wa Metangula. Ataona kuti ndinali nditaitsegula kale n'kupeza waya woduka, anangoti, "Edina, mawa ubwere udzayambe."

Pa zonse zimene tinkasamalira, ndinkaopa makina a pinibolo a pa loji ya a Domingos, bokosi lalitali lagalasi momwe kampira kachitsulo kamamenyedwa ndi timikono tiwiri. Anali akalekale, ochokera kunja, ndipo zipangizo zake kuno sizipezeka.

Loweruka lina a Mestre anakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku Lichinga ndi akazi awo odwala. Cham'mawa a Domingos anandiitanitsa: makina azima, ndipo alendo a ukwati afika masana. Ndinatenga mita yoyezera magetsi, sikuludiraiva, tepi, ndi mafyuzi atatu, okhawo a mlingo wake amene tinali nawo.

Fyuzi ya pafupi ndi thiransifoma inali itada mkati. Ndinaika ina n'kuyatsa. Nyale zinawala pang'ono, kenako thi! Ndinadzinamiza kuti mwina inali yowonongeka kale. Yachiwiri inapsanso chimodzimodzi.

"Mwanangu, ingokulungapo waya m'malo mwa fyuzi," anatero a Domingos. "Aliyense amatero."

Ndinayang'ana denga la udzu pamwamba pathu. Foni ya a Mestre sinkalowa. Ndinkaopa kukanira munthu wamkulu pamalo pake, ndinkaopanso moto.

"Pepani bambo, waya ayi. Ndipatseniko ola limodzi."

Anatuluka panja.

Ndinazula pulagi, n'kudikira kuti mphamvu yotsalira m'makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, ithe. Thiransifoma ndinaiyeza, inali bwino. Kachipangizo kamiyendo inayi kowongola magetsi nakonso kanalibe vuto. Thukuta likugwera pa mita, ndinachotsa galasi, n'kutukula thabwa loseweretsapo. Kunsi kwake kuli makoyilo, mawaya okulungidwa okankha kampira, ndipo ndinayamba kuwayeza imodziimodzi. Panja amayi ophika anali atayamba kale kuimba.

Koyilo ya pakona inali yotupa, pepala lake lofiirira, ikununkha kupserera. Mita inasonyeza pafupifupi ziro: mawaya ake anali atasungunukirana mkati. Ndinaidula, n'kukulunga nsonga zonse ndi tepi.

Fyuzi yomaliza inandipulumuka kawiri ndisanaikhazike. Ndinayatsa nditatsinzina. Kunamveka kabelu. Ndinaponya kampira kasanu, fyuzi osapsa. Pakona paja sipankakankhanso, koma alendo anasewera tsiku lonse osazindikira.

Lolemba a Mestre ananunkhiza koyilo ija, n'kufunsa kuti ndapsereza mafyuzi angati.

"Awiri."

"Yoyamba inakuuza kuti vuto likadalipo. Yachiwiri unaipha wekha."

Sanandikalipire kuposa pamenepo, koma zinandilowa. Mpaka lero, ngakhale mwini makina ataima pamsana panga, sindiika fyuzi yatsopano ndisanapeze chimene chapha yakale.